Kuonetsa sewero la Bodas de sangre la Federico García Lorca: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi, atsogoleri a magulu a zisudzo ndi achinyamata amene awerenga sewero la ku Spain lotchedwa Bodas de sangre n'kulakalaka kulionetsa pa siteji. Oyambirirawo ndi a zimene aliyense ayenera kudziwa, ndipo otsatirawo ndi a zinthu zimene zimavuta gulu likayamba kuyeserera.

Kodi Bodas de sangre ndi sewero lotani, ndipo analilemba ndani?

Ndi sewero lachisoni, lothera m'maliro, limene Federico García Lorca analemba mu 1932. M'Chichewa tingalitche Ukwati wa Magazi. Lorca anabadwa mu 1898 m'mudzi wa Fuente Vaqueros, pafupi ndi mzinda wa Granada, m'chigawo cha Andalucía kum'mwera kwa Spain, ndipo popeza bambo ake anali mlimi wopeza bwino, nkhani za minda, maukwati ndi udani wa mabanja anakula akuzimva pakhomo. Seweroli linaonetsedwa koyamba pa 8 Marichi 1933 ku Teatro Beatriz mumzinda wa Madrid. M'chaka chomwecho gulu la Lola Membrives linalionetsa ku Buenos Aires, ku Argentina, kumene anthu analikonda kwambiri mpaka Lorca mwini anawoloka nyanja kupita kumeneko, ndipo mu 1935 Margarita Xirgu analionetsa ku Barcelona. Lorca anaphedwa mu Ogasiti 1936 ali ndi zaka 38, nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain itangoyamba, ndipo anamupha ndi a mbali imene inaukira boma. Seweroli amaliwerengera pamodzi ndi masewero ake ena awiri onena za moyo wa kumudzi, Yerma ndi La casa de Bernarda Alba.

Nkhani yake imayenda bwanji?

Sewero lili ndi magawo atatu, ogawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri. Limayamba ndi mnyamata amene akupempha mayi ake mpeni woti akadulire mphesa kumunda. Mayiwo akangomva za mpeni mtima umawawawa, chifukwa mwamuna wawo ndi mwana wawo wachisamba anaphedwa ndi a banja la Félix, ndipo amene anawatsalira ndi mnyamatayu yekha. Iye wagula munda wa mpesa ndipo akufuna kukwatira mtsikana amene amakhala ndi bambo ake kudera louma, ulendo wa maola anayi kuchokera kwawo. Mnansi wina amawaululira mayiwo kuti mtsikanayo anali pa chibwenzi kale ndi Leonardo, wa ku banja lomwelo la Félix, amene tsopano anakwatira msuweni wa mtsikanayo ndipo ali naye mwana.

Mabanja awiriwo amagwirizana kuti ukwati uchitike Lachinayi, tsiku limene mtsikanayo adzakwanitse zaka 22. Koma Leonardo sanamuiwale, moti usiku amakwera hatchi yake n'kukaima pafupi ndi zenera lake. M'mamawa wa tsiku la ukwati iye ndiye amayamba kufika, ndipo awiriwo amakumbutsana zakale mowawidwa mtima, Leonardo akunena poyera kuti chimene chinawalekanitsa ndi umphawi wake, pakuti ng'ombe ziwiri ndi kanyumba sizinawerengedwe kanthu. Ukwati umadalitsidwa ndithu kutchalitchi. Phwando lili mkati, mkwatibwi amati mutu ukumupweteka n'kupita kukagona, ndipo posapita nthawi mkazi wa Leonardo amalowa akufuula kuti awiriwo athawa pa hatchi. Mkwati amawalondola m'nkhalango, ndipo iye ndi Leonardo amaphana ndi mipeni. Chigawo chomaliza ndi cha akazi amene atsala ndi maliro awiri.

Kodi zimenezi zinachitikadi?

Gwero lake ndi nkhani imene inatuluka m'manyuzipepala mu Julayi 1928. Pafamu yotchedwa Cortijo del Fraile, kudera la Níjar m'chigawo cha Almería, mtsikana anathawa ndi msuweni wake patangotsala maola ochepa kuti akwatiwe ndi mwamuna wina, ndipo msuweniyo anawomberedwa ndi mbale wake wa mkwati. Lorca anasintha zambiri. Anaika mpeni m'malo mwa mfuti, anachititsa kuti mkwati mwini aphe ndi kuphedwa, anawonjezera udani wakale wa mabanja, ndipo anachedwetsa kuthawako kuti kuchitike ukwati utadalitsidwa kale. Kusintha komalizaku wotsogolera sewero akusamale kwambiri, chifukwa amene wathawayo salinso chibwenzi cha mnyamata ayi, koma mkazi wake, ndipo manyaziwo agwera banja lonse pamaso pa alendo onse.

Ulemu wa banja umene umanenedwa m'seweroli ndi wotani?

Ndi dzina labwino la banja monga momwe anthu a m'mudzi amalionera ndi kulikambira. Munthu angakhale wosalakwa mumtima mwake, koma ngati anansi akhulupirira kuti walakwa, dzina la banja ladetsedwa basi, ndipo mwa chikhalidwe chimene Lorca akuonetsa, chotsukira chake ndi magazi. Nkhani imeneyi ndi yakale m'zisudzo za ku Spain. Lope de Vega analemba mu 1609 kuti nkhani za ulemu ndizo zimakhudza anthu onse mwamphamvu, ndipo m'sewero la Calderón de la Barca lotchedwa El médico de su honra, mwamuna amaphetsa mkazi wake wosalakwa chifukwa chongomukayikira, mfumu n'kuvomereza. Lorca ankawadziwa bwino alembi akalewa, chifukwa kuyambira 1932 ankatsogolera La Barraca, gulu la ophunzira a ku yunivesite limene linkayenda pa malole kuonetsa masewero awo m'midzi.

Mu Bodas de sangre ulemuwu umaoneka m'zinthu zing'onozing'ono zimene gulu lothamanga limatha kuzilumpha. Pofunsira mbeta, Mayi amatamanda mwana wawo kuti sanadziwepo mkazi, ndipo Bambo amatamanda mwana wawo kuti amadzuka m'bandakucha kukaphika ndipo salankhulalankhula. Mayi amamufotokozera mtsikanayo kuti ukwati ndi mwamuna, ana, ndi khoma lochindikala lotchinga zina zonse. Awiriwo atathawa, Bambo amayesa kudzitonthoza kuti mwina mwana wawo wadziponya m'chitsime, kusonyeza kuti kwa iwo imfa ya mwana ikanapepuka kuposa manyazi. Koma malo owawa kwambiri ndi mawu a Mayi kumapeto kwa gawo lachiwiri. Mayi amene akhala akuopa mpeni kuyambira pachiyambi amamuuza mwana wawo kuti awalondole, n'kutembenuka kumuletsa kuti asapite, poti anthu amenewo amapha msanga, kenako m'mpweya womwewo amamuuza kuti athamange ndipo iwo abwera pambuyo. Mzimayi amene watsala ndi mwana mmodzi yekha akumutumiza yekha ku imfa, osati chifukwa chosamukonda, koma chifukwa sakuona njira ina yokhalira m'mudzimo.

Chifukwa cha ichi, mudzi uyenera kumveka pa siteji nthawi zonse. Mnansi asakhale wongobweretsa uthenga, koma akhale maso ndi makutu a mudzi wonse, ndipo alendo a paukwati aziona chilichonse, azinong'onezana, azitembenuka pamene Leonardo wadutsa. Ine ndimakana kwathunthu kulisandutsa seweroli phunziro lakuti atsikana azimvera makolo, monganso ndimakana kulisandutsa chikondwerero cha chikondi chopanda malire. Lorca sanaweruze aliyense wa anthuwa. Anaonetsa kuti lamulo limene onse amalilemekeza ndi lomwe limawatha.

Mtengambali wamkulu ndani, Mkwatibwi kapena Mayi?

Anthu ambiri amaganiza za Mkwatibwi chifukwa ndiye amathawa, koma sewero limayamba ndi Mayi ndipo limatha ndi Mayi. Lola Membrives ndi Margarita Xirgu, omwe anali akatswiri otchuka a nthawi imeneyo, onse anasewera mbali ya Mayi. Gulu lanu lipereke mbali imeneyi kwa munthu wokhwima m'kasewero, wa mawu omveka ngakhale akulankhula motsitsa, ndiponso wodziwa kuima chete osagwedezeka. Cholakwa chofala ndi chakuti Mayi amayamba kulira ndi kukuwa m'chigawo choyamba, moti pofika pa maliro alibenso choonjezera. Ayenera kukhala mzimayi wolimba, wonyadira mwamuna amene anali naye, wolakalaka zidzukulu, wotha kuseka pamene mwana wawo awanyamula mocheza. Oonerera akawakonda pachiyambi, mapeto adzawapweteka.

Pakufunika anthu angati?

Atengambali enieni ndi Mayi, Mkwati, Mkwatibwi, Bambo a Mkwatibwi, Leonardo, Mkazi wa Leonardo, Apongozi a Leonardo, Wantchito, Mnansi, Mwezi, Imfa ndi odula mitengo atatu, kuwonjezera pa atsikana ndi anyamata a paukwati. Leonardo yekha ndiye ali ndi dzina, ena onse amadziwika ndi malo awo m'banja kapena m'mudzi, ndipo ndi bwino kusiya zimenezi momwe zilili. Anthu 12 angakwanitse ngati ena atenga mbali ziwiri. Bambo a Mkwatibwi saonekanso m'gawo lachitatu, choncho angakhale mmodzi wa odula mitengo, ndipo Wantchito, amene nayenso mbali yake imathera m'gawo lachiwiri, angasewere Imfa. Musapereke mbali ya Imfa kwa wosewera Mnansi, chifukwa m'chigawo chomaliza Imfa ikangotuluka Mnansi amalowa ndi Mayi, ndipo nthawi yosinthira zovala palibe.

Tiyenera kupempha chilolezo kapena kulipira tisanaonetse?

Pa mawu a Chisipanishi a Lorca mwini, ayi. Ku Malawi, Zambia ndi South Africa umwini wa zolembedwa umatha pakapita zaka 50 mlembi atamwalira, ku Britain zaka 70, ndipo ku Spain ntchito za Lorca zinamasulidwa pa 1 Januwale 2017, patapita zaka 80. Koma womasulira m'chilankhulo china ali ndi umwini wakewake pa mawu amene analemba. Ngati mukugwiritsa ntchito buku la Chingerezi, monga limene anakonza Ted Hughes mu 1996, muyenera kupempha chilolezo kwa osindikiza, ndipo zilinso chimodzimodzi ngati mukumasulira m'Chichewa kuchokera m'buku limenelo. Ku Malawi a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolembedwa ndi zaluso, angakuunikireni pa nkhani zotere. Njira yabwino koposa ndi kumasulira kuchokera ku Chisipanishi mothandizana ndi munthu wochidziwa, kenako n'kuwayesa mawuwo pakamwa pa osewera musanawakhazikitse.

Kodi nkhaniyi tiisiye ku Spain, kapena tiisamutsire kumudzi kwathu?

Zonse ziwiri n'zotheka, koma kusamutsa sikungokhala kusintha mayina a malo ndi zovala. Seweroli laima pa dongosolo la banja limene dzina, magazi ndi minda zimatsata bambo. Mkazi amachoka kwawo kupita kwa mwamuna, ana amene adzabadwe ndi a mtundu wa mwamunayo, ndipo n'chifukwa chake imfa ya Mkwati ndi kutha kwa nyumba yonse ya Mayi. Mukaika nkhaniyi m'mudzi wa chikamwini, monga midzi yambiri ya Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, zinthu zimasokonekera. Kumeneko ana ndi a mbumba ya mkazi, mkamwini ndiye amasamuka, ndipo oonerera adzafunsa kuti amalume ali kuti, ankhoswe ali kuti, nanga bwanji mayi akukafunsira okha mbeta ya mwana wawo. Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo akangobwera m'mitu ya anthu, chisoni cha sewero chimachepa. Kumadera kumene amapereka malowolo ndipo ana amatsata bambo, monga kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena, nkhaniyi imakhala mosavuta, ngakhale kumenekonso muyenera kupeza chifukwa chomveka chakuti akuluakulu sanalowererepo magazi asanakhetsedwe.

Maganizo anga ndi akuti gulu limene likuonetsa seweroli koyamba lilisiye ku Andalucía, ngakhale mawu ali m'Chichewa. Oonerera athu sachedwa kuzindikira mtsikana wokwatiwa ndi amene samukonda, kholo loyang'ana chuma cha mkamwini, ndi mnansi wodziwa za aliyense, ndipo safunikira kuuzidwa kuti zimenezi zilikonso kwathu. Kusiya minda ya mpesa, nyumba za m'mapanga ndi hatchi kumawapatsa mpata woona nkhaniyo popanda kutsutsana nanu pa za miyambo. Ngati mwasankha kusamutsa, sankhani dera limodzi lenileni, funsani akuluakulu a kumeneko momwe ukwati umayendera, ndipo sinthani zonse mogwirizana. Kusakaniza miyambo ya madera osiyana kuti muoneke ngati mwaphatikiza dziko lonse kumabala mudzi umene palibe amene amaudziwa.

Ndakatulo ndi nyimbo tizichita bwanji?

Lorca anayamba ndi malankhulidwe wamba, afupiafupi, ndipo ndakatulo zimachuluka pamene nkhani ikuyandikira imfa, mpaka m'nkhalango Leonardo ndi Mkwatibwi amalankhulana m'ndakatulo. Osewera asasinthe mawu n'kuyamba kulakatula ngati ali pa mpikisano. Munthu aliyense pamenepo akufuna chinthu china kwa mnzake, ndipo ndakatuloyo ndi njira yake yochipemphera.

Nyimbo zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi yogoneka mwana, imene Apongozi ndi Mkazi wa Leonardo amaimba m'chigawo chachiwiri, yonena za hatchi yaikulu imene inakana kumwa madzi, yovulala miyendo, yolira. Lorca anakambapo pagulu mu 1928 kuti nyimbo zogonekera ana za ku Spain n'zachisoni, ndipo iyi ikulosera zonse zimene zikubwera. Iimbidwe motsitsa, ndipo amayi awiriwo akhale akugonekadi mwana, osati akuchenjeza oonerera. Yachiwiri ndi yodzutsa mkwatibwi m'mamawa wa ukwati. Imayambira kutali pamene Leonardo ndi Mkwatibwi akukangana, n'kumayandikira pang'onopang'ono mpaka alendo atadzaza bwalo, kotero kuti nyimbo yachisangalalo imakhala ngati ikumuzinga mtsikanayo. Kaimbidwe kathu ka woyambitsa ndi ovomera kamagwirizana nayo bwino, koma pafunika kuyeserera kwambiri kuti mawu a oimba asakwirire mawu a okanganawo.

Buku lili ndi mawu okha, choncho gulu liyenera kupeka lokha kaimbidwe. Ena amaganiza kuti gule wa ku Andalucía wotchedwa flamenco ndi wokakamiza, makamaka chifukwa cha gule amene Antonio Gades anakonza mu 1974 ndi filimu ya Carlos Saura ya 1981. Lorca anangolamula magitala, zoimbira zina zochepa ndi anthu ovina paukwati. Kuvina bwino gule wosavuta n'kwabwino kuposa kutsanzira flamenco mosadziwa.

Mwezi ndi Imfa tizionetse bwanji kuti anthu asasokonezeke?

Lorca mwini ananena kuti malo amene amamukhutiritsa kwambiri m'seweroli ndi pamene Mwezi ndi Imfa zimalowerera, ndipo anafotokoza bwino momwe ziyenera kuonekera. Mwezi ndi mnyamata wodula mitengo wa nkhope yoyera, ndipo akalowa siteji imawala mobiriwira ngati thambo. Si mwezi wa achikondi ayi. Ndi wozizidwa, wosungulumwa, wofuna magazi kuti afundire, ndipo amalonjeza kuunikira paliponse kuti othawawo asabisale. Imfa ndi nkhalamba yopemphapempha, yopanda nsapato, yofunda nsalu zopyapyala zobiriwira moderako, ndipo nkhope yake sioneka bwino. Imapempha Mwezi kuti uwale, kenako imakumana ndi Mkwati, kumuyamikira kukongola kwake, n'kumutsogolera kumene kuli Leonardo.

Musawonjezere zoopseza monga zigoba za mitu, utsi kapena mawu osinthidwa ndi makina. Nkhalamba yooneka ngati munthu wamba, imene ikulankhula ndi mnyamata mwachikondi chosayenera, imaopsa kuposa zonsezo. Pewaninso kuveka awiriwa zinthu zofanana ndi za Gule Wamkulu, chifukwa zimenezo zili ndi eni ake ndi tanthauzo lake, ndipo zingatembenuzire oonerera ku nkhani imene mulibe m'seweroli.

Siteji tiikonze bwanji ngati ndalama n'zochepa?

Lorca anatsamira pa mitundu kuposa katundu. Chipinda cha Mayi ndi chachikasu. Cha Leonardo ndi chapinki, chokhala ndi ziwiya zamkuwa ndi maluwa. Mkwatibwi amakhala m'nyumba ya m'phanga, monga zimapezekera m'madera ena a Granada ndi Almería, ndipo kumbuyo kuli mtanda wa maluwa apinki. Bwalo la phwando ndi lotuwa ndi lozizira m'maonekedwe, nkhalango ndi yamdima yokhala ndi mitengo ikuluikulu yonyowa, ndipo chipinda chomaliza ndi choyera mbee, chopanda mthunzi, chooneka ngati tchalitchi. Nsalu zazikulu za mitundu imeneyi, mipando iwiri kapena itatu ndi tebulo limodzi n'zokwanira. Mitengo ingakhale nsungwi zoimika kapena nsalu zakuda zolendewera.

Pa zovala, musadabwe kuti Mkwatibwi amavala diresi lakuda lalitali la kasokedwe ka m'ma 1900. Kale m'midzi ya ku Spain akazi ambiri ankakwatiwa atavala zakuda, ndipo Lorca anagwiritsa ntchito mwambowu mwadala. Kumutu amavala nkhata ya maluwa a malalanje opangidwa ndi phula, chizindikiro cha unamwali, imene amaiponya pansi m'mawa wa ukwati ndipo pomaliza amabwera alibe. Nkhatayo ioneke bwino ngakhale kwa okhala kumbuyo. Nyali imodzi yobiriwira ya Mwezi ndi yofunika kuposa nyali zina zonse, ndipo khalani ndi matochi amphamvu okutidwa ndi pepala la mtundu womwewo kuti magetsi akathima chigawocho chisafe.

Hatchi ndi ndewu ya mipeni tizionetse pa siteji?

Ayi, zonse ziwiri sizioneka m'sewero la Lorca. Hatchi imangomveka ndi kukambidwa: Apongozi amadandaula kuti yathamangitsidwa mpaka maso kutong'oka, Wantchito amaimva usiku, ndipo kumapeto kwa gawo loyamba Mkwatibwi amathamangira pa zenera n'kuvomera kuti ndi Leonardo. Zikamba za kokonati kapena timatabwa tiwiri togogodedwa kuseri zimatulutsa mgugu wokwanira.

Ndewu nayo imachitikira kuseri. Mavayolini awiri amalira, pamamveka mikuwo iwiri yaitali, nyimbo imadukiza, ndipo Imfa imabwera pakati pa siteji itafulatira oonerera n'kutambasula nsalu yake ngati mapiko, katani n'kutsika pali zii. Magulu ambiri amafuna kuonetsa kubayana poganiza kuti anthu akudikira zimenezo, koma ndewu ya pa siteji imaitana kukuwa ndi kuchemerera, ndipo anthu amayamba kufunsa kuti wapambana ndani, pamene Lorca akufuna kuti amve kuti onse awiri atayika. Ngati mavayolini palibe, kaligo awiri angagwire ntchito yomweyo. Mpeni wa m'chigawo choyamba ukhale wobuntha kapena wamtengo.

Leonardo, Mkwati ndi Mkwatibwi aseweredwe bwanji?

Choopsa ndi kumupanga Mkwati kukhala wopusa kuti Leonardo aoneke woyenera. Mkwati ndi mnyamata wolimbikira ntchito, wamphamvu, wokonda mayi ake, ndipo akalowa m'nkhalango amanena kuti dzanja lake si lake lokha koma la bambo ake ndi mchimwene wake amene anaphedwa. Leonardo nayenso si ngwazi. Amakalipira mkazi wake woyembekezera, amanama za kumene anapita, ndipo chikondi chake chimamuwotcha iye mwini. Onse awiri akhale amuna oti mtsikana angawaganizire.

Mkwatibwi amalimbana ndi mtima wake kuyambira pamene tamuona, ndipo wosewera aonetse kulimbanako m'thupi: kuluma dzanja lake alendo atachoka, kukana kutsegula mphatso, kudzidzimuka pamene Mkwati wamukumbatira chakumbuyo. Sanabedwe ayi. M'nkhalango amavomera kuti ndiye anayamba kutsika, ndiye anamanga hatchi zingwe, komabe akumuuza Leonardo kuti amusiye athawe yekha. Mawu ake akukana pamene manja ake akugwira, ndipo chigawocho chimayenda bwino pokhapokha zonse ziwiri zikhale zoona.

Nanga oonerera akayamba kuseka pamalo achisoni?

Zimachitika, makamaka pamene anthu azolowera zisudzo zanthabwala, ndipo nthawi zina kusekako kumakhala kubisa kukhudzidwa. Seweroli lili ndi malo ake osekera, monga nthabwala za Wantchito ndi chidwi cha Bambo pa minda ya Mayi, ndipo mukawapatsa anthu mpata woseka pamenepo sadzaufunafuna pena. Kuseka kosayenera kumabwera kwambiri wosewera akakokomeza kulira kapena kukumbatirana. Kukabwera, wosewera asathamangitse mawu ndipo asatembenukire kwa oonerera, koma adikire pang'ono ali m'mbali yake, kenako apitirize motsitsa mawu.

Chigawo chomaliza chiyende bwanji?

Chimayamba ndi atsikana awiri ovala zobiriwira ngati thambo koma zoderako akukulunga ulusi wofiira, ndipo uthenga wa imfa umafika pang'onopang'ono, kudzera mwa kamtsikana, kenako mwa Imfa yomwe, imene imaufotokoza mokondwera. Mayi amalowa osalira. Amamuletsa Mnansi kulira, amati misozi yawo idzabwera akadzakhala okha, ndipo amanena kuti tsopano adzagona pakati pa usiku osaopanso mfuti kapena mpeni, poti amene ankamudera nkhawa palibenso.

Mkwatibwi akalowa, Mayi amamumenya mpaka kugwa. Iye wabwera kuti aphedwe, koma akufuna kuti Mayi adziwe kuti palibe mwamuna amene anamukhudza, ndipo ali wokonzeka kuika dzanja pamoto kutsimikiza zimenezo. Amafotokoza kuti mwana wawo anali ngati madzi pang'ono amene ankayembekezera kuti amupatsa ana, nthaka ndi thanzi, koma winayo anali mtsinje wakuda umene unamukokolola. Mayi amayankha kuti kuyera kwakeko alibe nako ntchito. Apa ndi pamene funso la ulemu lija limafika pamapeto ake, chifukwa chinthu chimene amuna awiri afera chasanduka chopanda pake kwa amene anachiteteza kwambiri. Wosewera Mayi asayankhe mwaukali, koma ngati munthu amene zonse zamuthera. Kenako amamulola kulira, koma ali pa chitseko. Musawayanjanitse awiriwa ndi kukumbatirana, chifukwa Lorca sanatero. Mtunda umene uli pakati pawo ukhalebe mpaka pa mawu omaliza onena za kampeni kakang'ono kosadzaza m'dzanja, anansi atagwada akulira.

Sewero limatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo tingadule pati?

Likachitidwa lonse mosazengereza limatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Ngati mwapatsidwa nthawi yochepa, monga zimakhalira pa mipikisano ya masukulu, mungafupikitse nyimbo ya ukwati, macheza a alendo pa phwando, kubwereza kwa nyimbo yogoneka mwana ndi mbali ina ya zokamba za odula mitengo. Musadule nkhani ya mpeni pachiyambi, kukambirana kwa Mayi ndi Mnansi, kukumana kwa Leonardo ndi Mkwatibwi m'mamawa, kutembenuka kwa Mayi kumapeto kwa gawo lachiwiri, Mwezi ndi Imfa, ndiponso kukumana kwa Mayi ndi Mkwatibwi. Ngati nthawi ili yosakwana mphindi 40, ndi bwino kuonetsa gawo lachitatu lokha, wina atafotokoza mwachidule zimene zachitika kale, kusiyana ndi kuthamangitsa zigawo zonse zisanu ndi ziwiri. Pa chionetsero chathunthu, kupuma kuikidwe gawo lachiwiri likatha, kuti okonza siteji apeze nthawi yoimika nkhalango ndiponso kuti Mwezi ndi Imfa adzole ndi kuvala mosathamanga.